Kholo likadwala, ana atsala bwanji? Malangizo kwa amene mukusamala pakhomo

Akulu anga atagwa ndi sitiroko, pakhomo pawo panali ana atatu. Wachisamba anali mtsikana wa zaka 15, ali Folomu 2, mayeso a JCE atayandikira. Wopondana naye anali mnyamata wa zaka 11, ndipo mzime anali kamnyamata ka zaka 6. Ine, mayi wawo wamng'ono, ndinakhala gadiyani kuchipatala kwa masabata asanu, kugona pansi pambali pa bedi, kuphika phala kukhitchini ya magadiyani, kuchapa zitenje m'bandakucha. Alamu anali kalikiliki kusaka ndalama. Tonse maso anali pa wodwala.

Tsiku lina ndinapita kunyumba kukatenga zovala zosinthira. Kuseri kwa bafa ndinapeza kabulangete katayanikidwa pampanda mobisa, kakununkha mkodzo. Mzime uja anali atayambiranso kukodza pogona, zimene anasiya ali ndi zaka zitatu. Sindinamufunse za bulangetelo. Ndinangomunyamula n'kumukhazika pamiyendo, tonse tili chete. Patapita kanthawi anati, chapansipansi: "Amayi aang'ono, kodi amayi anagwa chifukwa cha nsapato ija?" M'mawa wa tsiku limene akulu anga anagwa, anali atamukalipira chifukwa chotaya nsapato imodzi ya kusukulu. Mwanayo anasenza mlandu umenewo masabata atatu ali yekha, popanda wamkulu aliyense wodziwa.

Kuyambira tsiku limenelo sindivomerezanso mawu oti ana sadziwa kanthu. Amaona nkhope zathu, amamva manong'onong'o pakhonde, amaona kuti ndiwo zasintha. Chimene sitinawauze amachilumikiza okha, ndipo chimene amalumikiza nthawi zambiri chimaposa zoona zenizenizo kuopsa kwake. Malangizo awa ndi a inu amene mwatsala ndi ana pamene bambo kapena mayi awo akudwala nthawi yaitali, kaya ndi sitiroko, khansa, TB, shuga, matenda obwera ndi HIV kapena matenda a maganizo.

Choyamba, akuluakulu mumvane kaye

Musanalankhule ndi ana, dziwani nokha chimene chikuchitika. Funsani adokotala kapena anamwino dzina la matendawo, nthawi imene wodwala angakhale m'chipatala, ngati matendawo ndi opatsirana, komanso zimene adzathe kudzichitira yekha akatuluka. Ambirife timachita mantha kufunsa, timangoti "zikomo adokotala" n'kutuluka tisanamve chilichonse. Lembani mafunso anu papepala usiku, kuti adokotala akamazungulira m'wodi m'mawa muwafunse limodzilimodzi. Ngati chipatala chili kutali, imbani ku Chipatala cha pa Foni pa 929, kapena funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu.

Kenako khalani pansi ndi achibale amene amafika pakhomopo, mugwirizane mawu amodzi. Mwana amasokonezeka agogo akamati ndi malungo chabe, amalume akamati pali munthu wachita izi, bambo akamati palibe vuto. Wodwalayo, ngati akutha kulankhula, ndiye mwini nkhani, ndipo afunsidwe zimene akufuna kuti ana ake amve. Izi n'zofunika kwambiri pa HIV. Musaulule m'malo mwake. Aphungu a kumene amalandirira ma ARV amathandiza makolo kupeza mawu ndi nthawi youzira ana.

Pamsonkhano womwewo sankhani munthu mmodzi amene akhale wa ana. Gadiyani wa kuchipatala amapezeka msanga, koma gadiyani wa ana amaiwalika. Akhale munthu amene anawo amamuzolowera, amene azigona pakhomopo kapena azifika tsiku lililonse.

Chachiwiri, auzeni zoona molingana ndi msinkhu wawo

Apa ndi pamene ambiri timagwa. Timati "amayi apita kumudzi", "ababa apita ku Joni kukagwira ntchito", poganiza kuti tikumuteteza mwana. Koma mawa amakamva kwa mnzake pamjigo kuti mayi ake ali m'chipatala ndipo sakulankhula. Tsiku limenelo mwana amataya zinthu ziwiri nthawi imodzi: mtendere wa mumtima, ndi chikhulupiriro chake mwa inu. Mukadzamuuza kuti "akupeza bwino", sadzakhulupiriranso ngakhale zili zoona.

Sankhani nthawi yabata, osati akuthamangira kusukulu kapena atayamba kuodzera. Khalani naye pansi, pamkeka kapena pakhonde, maso anu ndi ake afanane. Yambani ndi kufunsa: "Iwe wamva zotani za amayi? Ukuganiza kuti chikuchitika n'chiyani?" Yankho lake likusonyezani poyambira, ndipo mwina mudabwa ndi zimene wakhala akusunga.

Kwa mwana wa zaka zosapitirira 7, mawu akhale ochepa ndi ogwirika. Mzime uja ndinamuuza chonchi: "Iyayi mwanawe, si nsapato. Amayi ali ndi matenda othamanga magazi. Kamtsempha ka m'mutu mwawo kanavulala, n'chifukwa chake dzanja ndi mwendo sizikugwira bwino, ndiponso akuvutika kulankhula. Matendawa anayamba kalekale m'thupi mwawo. Ngakhale ukanapanda kutaya nsapato, akanagwabe." Anandifunsa funso lomwelo mawa lake, ndi mkuja wake. Ana a msinkhu umenewu amatero. Muziyankha chimodzimodzi nthawi iliyonse, osatopa, chifukwa kubwerezako ndiko kumakhazikitsa mtima wawo.

Mwana wa zaka zapakati pa 8 ndi 12 amafuna kudziwa mmene zinthu zimayendera. Muuzeni dzina la matenda, chimene mankhwala akuchita, ndi chimene chichitike sabata ikubwerayi. Wachinyamata muuzeni pafupifupi zonse zimene inu mukudziwa. Akapanda kumva kwa inu akafufuza pa intaneti kapena kwa anzake, ndipo akapeza zoopsa zimene mwina sizikukhudza kholo lake n'komwe. Ndi bwino kulankhula ndi wamkulu payekha, kenako ang'onoang'ono, koma onse amve tsiku limodzi kuti wina asasenze chinsinsi.

Pali mafunso atatu amene mwana amakhala nawo ngakhale asawatchule. Kodi ndine ndachititsa? Kodi nanenso ndidwala? Nanga ine andisamala ndani? Ayankheni onse atatu musanafunsidwe. Lachitatulo liyankheni ndi mayina ndi nthawi: "Agogo azigona pano. Phala la m'mawa aziphika ndi iwo. Loweruka ndibwera ine." Mawu oti "usadandaule, zonse zikhala bwino" samufika mwana pamtima ngati sakudziwa amene amutsegulire chitseko akaweruka kusukulu.

Ndiye pali funso limene tonse timaliopa: "Kodi amwalira?" Musalonjeze chimene sichili m'manja mwanu. Ngati adokotala akuyembekeza kuti achira, nenani zimenezo momveka. Ngati sizikudziwika, munganene kuti: "Matendawa ndi aakulu. Adokotala akuyesetsa, ifenso tikupemphera. Zinthu zikasintha ndidzakuuza, sindidzakubisira." Ndipo lonjezo limenelo mulisunge. Misozi ikabwera polankhula, isiyeni igwe. Mwana akaona wamkulu akulira kenako n'kudzuka kukaphika nsima, amaphunzira kuti chisoni sichigwetsa nyumba.

Ndinenepo za nkhani za ufiti, chifukwa sitiroko ndi matenda a maganizo zimakoka nkhani zimenezi msanga. Alendo odzazonda matenda amayamba kutchula mayina ana ali pomwepo. Mwana amayamba kuopa agogo ake enieni, amaopa kugona, ndipo m'makomo ena mwana yemweyo ndiye amalozedwa chala. Letsani nkhani zotere pakhomo panu, ngakhale wolankhulayo akhale wamkulu. Kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu m'malamulo a dziko lino kuyambira mu 1911, ndipo mwana amene walozedwa chala chotere bala lake silipola msanga.

Chachitatu, onetsetsani thanzi la anawo

Ngati kholo lapezeka ndi TB, pitani ndi ana onse a m'nyumbamo kuchipatala akawaunike. Ana osakwana zaka 5 amene sanadwale amapatsidwa mankhwala owateteza. Tsegulani mawindo, ndipo wodwala amalize mankhwala ake a miyezi isanu ndi umodzi ngakhale atayamba kupeza bwino. Ngati mayi apezeka ndi HIV, ana awo ayezedwe. Koma auzeninso ana momveka kuti khansa, sitiroko ndi shuga sizipatsirana, ndipo HIV siyenda m'mbale, m'kapu kapena pokumbatirana. Mwana amene sanauzidwe izi amayamba kuthawa kholo lake, ndipo kholo limaona.

Mankhwala onse a wodwala akhale pamwamba kapena m'bokosi lokhoma.

Chachinayi, tsiku la mwana lisasweke

Mwana amatsamira pa zinthu zobwerezabwereza: nthawi yodzuka, phala, sukulu, masewera, nsima ya madzulo, malo ake ogona. Matenda akalowa m'nyumba zonsezi zimabalalika. Simungazigwire zonse, koma gwirani zitatu kapena zinayi, ndipo sukulu ikhale yoyamba. Kusukulu ndi kumene mwana amapuma ku fungo la matenda, amaseka ndi anzake, amakhala mwana. Akaseka kapena kusewera mpira musamudzudzule kuti alibe chisoni. Chisoni cha ana chimabwera ndi kupita ngati mvula ya mawawa.

Pitani mukaonane ndi aphunzitsi a kalasi lake kapena ahedi. Simukuyenera kutchula dzina la matenda. Kungonena kuti "mayi ake ali m'chipatala, mukaona zachilendo mundiuze" kumakwanira kuti mwana akachedwa kapena akagona m'kalasi afunsidwe kaye asanapatsidwe chibalo. M'sukulu zambiri zapulayimale muli amayi a mother group amene amatsata ana ojomba, makamaka atsikana. Adziwitseni.

Zikavuta mpaka kutumiza ana kwa achibale, yesetsani kuti asagawidwe uyu kwa azakhali, uyu kwa amalume, uyu kumudzi. Pa nthawi ngati imeneyi abale amatonthozana okhaokha usiku m'njira imene wamkulu sangathe. Ngati palibe kuchitira mwina, auzeni kumene aliyense akupita, chifukwa chake, ndi tsiku limene adzaonane. Mwana asangodzuka n'kupeza chikwama chake chamangidwa.

Chachisanu, chingwe cha mwana ndi kholo lake chisaduke

Timakonda kuthamangitsa ana kuchipinda cha wodwala: "Tulukani, amayi akupuma." Tsiku limodzi palibe vuto. Ikakhala miyezi, mwana ndi kholo amasanduka alendo m'nyumba imodzi, ndipo onse awiri amavutika mwakachetechete. Akulu anga atayamba kutulutsa mawu, oyamba kumveka bwino anali mayina a ana awo.

Kholo likakhala m'chipatala, funsani anamwino ngati ana angaloledwe kulowa, chifukwa m'mawodi ena saloledwa. Ngati wodwala angathe kutuluka panja pa njinga ya odwala, akumane pamthunzi. Musanapite naye, muuzeni mwana zimene akaone: "Amayi aonda. Pakamwa papindikira mbali imodzi. Padzanja pali paipi ya diripi. Mwina sakutchula dzina lako bwinobwino, koma akukudziwa ndipo akumva zonse." Ulendo woyamba ukhale waufupi. Pobwerera mufunseni chimene chamudabwitsa. Mwana akakana kupita musamukakamize, mufunseninso sabata yotsatira. Mnyamata wa zaka 11 uja anakana kawiri. Ulendo wachitatu anapita atanyamula kope lake la masamu, nakhala kumiyendo kwa bedi akuwerengera amayi ake mmene anakhozera, osawayang'ana kumaso. Potuluka ndi pamene anawagwira chala.

Ngati mtunda ndi wautali, foni igwire ntchito. Uthenga wa mawu pa WhatsApp umaposa kuimba, chifukwa wodwala amaumva pamene ali ndi mphamvu ndipo mwana amabwereza mawu a mayi ake kangapo asanagone. Chithunzi chojambula mwana pakapepala chikapachikidwe pafupi ndi bedi.

Wodwala akabwera kunyumba, apatseni ana tintchito tachikondi tolingana ndi msinkhu wawo. Wamng'ono abweretse madzi akumwa, awadzoze mafuta kumapazi, ayimbe nyimbo ya ku Sande sukulu kapena ya kumadrasa. Wokulirapo awerenge nawo mafizo, kukweza ndi kutsitsa dzanja monga anasonyezera a kuchipatala, kapena awapese tsitsi. Kamodzi patsiku idyani pamodzi pamene pali wodwalayo, ngakhale pakhale pamkeka m'chipinda. Ndipo kholo lisalandidwe ukholo wake. Mwana akafuna kupita kwa anzake, mutumeni: "Kapemphe kwa amayi ako." Ngakhale ayankhe ndi mutu wokha, mwanayo aona kuti mayi ake adakali mayi ake, ndipo wodwala aona kuti sanaikidwe pambali.

Matenda ena amasintha khalidwe. Munthu wofatsa amayamba kupsa mtima msanga, kulira popanda chifukwa, kapena kungokhala duu. Muuzeni mwana kuti ndi matendawo akuchititsa, osati kuti chikondi chatha. Kholo likamadwala maganizo, likamalankhula zosamveka kapena kuona zimene ena sakuona, mwana amachitanso manyazi ndi anzake amene amamunena kuti ndi mwana wa wamisala. Muuzeni kuti awa ndi matenda ngati ena onse ndipo ali ndi mankhwala. Thandizo limayambira pachipatala cha boma chaching'ono, ndipo pali Zomba Mental Hospital komanso St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ngati wodwala wayamba kumenya kapena kuopseza, ana akagone kwina kufikira mankhwala atagwira, ndipo adziwe khomo limene angathawireko usiku.

Chachisanu ndi chimodzi, wachinyamata asasanduke kholo

Wachisamba uja sanalire, sanadandaule. Ankadzuka 4 koloko kukatunga madzi, kukoleza mbaula, kusambitsa mng'ono wake, kenako kusukulu. Akaweruka, kumsika, kuphika, kuchapa. Aliyense wobwera ankamuyamikira kuti ndi mtsikana wolimba mtima, ndipo inenso ndinkatero. Ndinadzazindikira mochedwa kuti anali atajomba masiku ambiri, ndipo makope ake anali atasiyira pa tsiku limene amayi ake anagwa. Mwana amene sakuvutitsa ndi amene timamuiwala msanga.

Kuthandiza pakhomo si kolakwika. Ana athu amakula akugwira ntchito, ndipo kuthandiza kholo lodwala kumawapatsa mtima woti akuchitapo kanthu. Vuto limabwera pamene katundu yense watsamira pa mwana mmodzi, ndipo kawirikawiri amakhala mtsikana. Tengani pepala, lembani ntchito zonse za pakhomo kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndipo pa ntchito iliyonse lembani dzina. Mukaona dzina limodzi likubwera kasanu, gawaninso. Anyamata atunge madzi, atsuke mbale, aphike. Wachinyamata akhale ndi maola ake owerenga amene palibe womutuma, ndi tsiku limodzi pasabata lopita kwa anzake, kukwaya kapena kumpira.

Pali ntchito zimene mwana sayenera kupatsidwa ngati pali wamkulu aliyense wopezeka. Kusambitsa kholo ndi kulisintha likadziipitsira ndi ntchito ya akuluakulu. Mwambo wathu umakana kale kuti mwana aone thupi la kholo lake, ndipo zimawapweteka onse awiri. Kuchezera usiku wonse ndi wodwala, kusankha kuchuluka kwa mankhwala, ndi kusunga zinsinsi za ngongole za pakhomo, zonsezi si za mwana. Koma muphunzitseni chochita zinthu zikavuta inu kulibe. Manambala a foni a anthu awiri alembedwe pakhoma, ndipo adziwe khomo loyamba kugogoda. Ngati kholo lili ndi khunyu, adziwe kulichotsa pafupi ndi moto kapena madzi, kusaika kanthu m'kamwa, ndi kuligoneka chammbali kugwedezeka kukatha. Ngati lili ndi shuga ndipo layamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta koma likutha kumeza, alipatse madzi a shuga n'kuitana wamkulu.

Achinyamata salankhula mukawakhazika pansi n'kuwayang'ana m'maso. Amamasuka manja ali pantchito, posankha nyemba, popita kuchigayo, pochapa. Pamenepo funsani funso limodzi, kenako khalani chete. Wachisamba uja anandiuza tikusenda mbatata kuti masiku ena ankakwiyira amayi ake chifukwa chodwala, kenako n'kumadziona ngati mwana woipa. Ndinamuuza kuti mkwiyo wotere umabwera kwa aliyense wosamala wodwala, ngakhale kwa ine, ndipo sukutanthauza kuti sawakonda. Analira koyamba tsiku limenelo.

Samalaninso ndi njala ya ndalama. Fizi ikasowa, sopo akasowa, pamapezeka abambo "achifundo" ofuna kuthandiza mtsikana, ndiponso achibale onena kuti bola akwatiwe katundu apepuke. Mnyamata amasiya sukulu n'kulowa maganyu kapena kabaza. Malamulo a dziko lino, kuchokera pamene anasinthidwa mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo sangalowe m'banja. Thandizo lililonse lochokera kwa munthu wakunja lidzere kwa wamkulu, osati m'manja mwa mtsikana. Mukaona zokayikitsa, pitani kwa amfumu, ku ofesi ya social welfare ya paboma kapena ku Victim Support Unit kupolisi.

Chachisanu ndi chiwiri, dziwani mmene nkhawa imaonekera mwa mwana

Mwana sanena kuti "ndili ndi nkhawa". Thupi ndi khalidwe ndizo zimanena. Wamng'ono amabwerera m'mbuyo: kukodza pogona, kuyamwa chala, kukakamira pachitenje, kulota zoopsa. Wa pulayimale amadandaula m'mimba kapena mutu m'mawa uliwonse, amayamba ndewu, amatsika m'kalasi. Wachinyamata amadzitsekera, amayankha mwamwano, amasowa tulo kapena kugona kwambiri, amachedwa kubwera kunyumba, mwina kuyamba mowa kapena chamba.

Musathamangire chikwapu. Wokodza pogona musamuchititse manyazi pamaso pa abale ake. Ikani pulasitiki pansi pa chofunda, mudzutseni kamodzi usiku, ndipo muchape naye mwakachetechete. Wodandaula m'mimba mupite naye kuchipatala kuti mutsimikize kuti si matenda ena, ndipo ngati sanapeze kanthu musamunene kuti ndi wabodza, chifukwa ululuwo amaumvadi. Malamulo a pakhomo akhalepobe. Mwana amene waloledwa chilichonse chifukwa choti "mayi ake akudwala" amaona ngati palibenso amene akumuyang'anira.

Zambiri mwa izi zimachepa zokha mwana akauzidwa zoona ndipo tsiku lake likakhazikika. Koma ngati padutsa masabata awiri kapena kuposa mwana sakudya, sakugona, wasiya zonse zimene ankakonda kapena akukaniratu sukulu, pitani naye kuchipatala mukafotokoze. Akanena mawu onga "bola ndingofa" kapena "ndikanapanda kubadwa", musawatenge ngati zachibwana ndipo musamukalipire. Mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, kumamupatsa mpata wotula. Musamusiye yekha, chotsani mankhwala a makoswe, a m'munda ndi a wodwala pamene angawapeze, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Nambala ya 116 ndi yaulere, ndi ya ana ndi achinyamata, ndipo inunso mungaimbe kufunsa nzeru. Ilembeni pakhoma limodzi ndi manambala ena aja.

Chachisanu ndi chitatu, pemphani thandizo lotchula dzina

Mutu umodzi susenza denga, koma anthu akati "mukafuna kanthu mutiuze", ambiri timangothokoza. Tchulani chinthucho. Uyu aziperekeza mzime kusukulu Lolemba ndi Lachitatu. Uyu akagone kuchipatala Loweruka kuti gadiyani apume. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika, a kumphakati kapena a Dawa akamabwera kudzazonda, apempheni kuti wina azichapa za ana kamodzi pasabata. Kubanki m'khonde fotokozani msanga musanalowe m'katapila. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amathandiza mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito. Si onse amalowamo, koma dziwitsani amfumu ndi a social welfare za banjalo kuti lidziwike.

Inuyo wosamala, idyani ndi kugona. Ana amayang'ana nkhope yanu kuti adziwe ngati zinthu zili bwino.

Matenda akamapita patsogolo

Akulu anga anachira ndithu, akuyenda ndi ndodo ndipo amalankhula pang'onopang'ono. Koma m'wodi muja ndinaona ena amene sanabwerere kwawo, ndi ana amene anafika zonse zitatha. Adokotala akanena kuti matenda sangachizikenso, funsani za chisamaliro chochepetsa ululu. Chilipo ku Tiyanjane pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Ndi Moyo ku Salima, ndi m'zipatala zambiri za m'maboma. Kholo limene ululu wake wachepetsedwa limatha kucheza ndi ana ake, ndipo anawo sakhala ndi chikumbutso cha kubuula kokhakokha.

Auzeni ana kuti nthawi yafupika, ndi mawu omveka. Musati "agona" kapena "apita ulendo", chifukwa mwana wamng'ono amayamba kuopa tulo kapena kudikirira pamsewu. Apatseni mpata wokhala pafupi, wogwira dzanja, wonena zimene akufuna kunena. Amene sakufuna kulowa asakakamizidwe.

Wodwala akadali ndi nzeru zake, akambirane ndi achibale a mbali zonse ziwiri za amene adzalere ana, ndipo ana okulirapo afunsidwe maganizo awo. Alembe wilo pamaso pa mboni ziwiri zimene sizidzalandira kanthu pa chumacho. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Zikalata za kubadwa kwa ana, mabuku awo a kuchipatala ndi mapepala a nyumba kapena munda zisungidwe pamalo amodzi, kwa munthu wodalirika.

Ngati kholo lingathe, lijambuleni mawu pafoni: lifotokoze mmene mwana aliyense anabadwira, chifukwa chimene linamupatsira dzina lake, mfunda wawo ndi kumudzi kumene anachokera, kapena liyimbe nyimbo imene linkamuyimbira ali kumbuyo. Mwana aliyense akhale ndi uthenga wakewake, womutchula dzina. Mawuwo muwatumizenso ku mafoni a achibale awiri kapena atatu, kuti foni imodzi ikatayika kapena kuwonongeka asapite nayo.